Juzi Imene Inatsala M'lole

Pakampani ina yonyamula katundu panali mayi wina, koma panalibe amene ankawaitana dzina lawo lenileni. Kuyambira alonda a pageti mpaka mabwana a m'mwamba, onse ankangoti a Juzi. Dzinali linachokera ku juzi yabulauni yothothoka m'zigongono imene mayiwa ankavala ngakhale dzuwa likuswa mtengo, chifukwa ntchito yawo inali m'chipinda cha maseva, kunsi kwa masitepe, momwe mphepo yozizira inkawomba osalekeza kuti makina asapse. Seva, kwa inu amene simunaionepo, ndi kompyuta yopanda sikirini imene imasunga ndi kuyendetsa zinthu za kampani yonse. Zaka makumi awiri ndi chimodzi anakhala nawo makinawo, mpaka ankawadziwa ngati ana obala okha. Seva ina inkalira fani mvula ikayandikira. Ina sinkadzuka magetsi akabwera pokhapokha utazula waya n'kuwerenga mpaka khumi. Wothamanga magazi akalekezera pa zisanu ndi zitatu, inkangomuyang'ana.

Ndinenerepo kuti a Juzi anali munthu wouma pa lamulo, mwina mopitiriza. Kampaniyo inkajambula mafoni onse a madalaivala ndi makasitomala. Popeza m'mafonimo munkatchulidwa mayina a anthu ndi makomo awo, mawuwo ankamveredwa m'kachipinda kamodzi kokha, ndipo akatha masiku makumi asanu ndi anayi ankafufutidwa. Timabokosi tosiyamo mafoni pakhomo pa kachipindako anakhometsa ndi iwo. Tsiku lina anabweza bwana wamkulu weniweniyo pakhomopo chifukwa cha foni imene inali m'thumba la malaya, nkhani n'kumveka mpaka kugalaja. Koma mayi yemweyu, abale inu, ndi amene anatha zaka zisanu ndi ziwiri akubisa fayilo imodzi imene inayenera kufufutidwa kalekale.

Amuna awo anali dalaivala wa lole pakampani pomwepo, munthu wanthabwala koma wodana ndi kujambulidwa. Ukawalozetsa kamera ankaphimba nkhope ndi chipewa. Foni yawo inali ya mabatani, yomangidwa ndi mphira. Lachiwiri lina m'mawa anaimbira mayi wolandira mafoni ku ofesi, monga madalaivala amachitira akafika kwa kasitomala. Masana ake lole inagubuduka pakona ina, ndipo pofika madzulo anali atatisiya. Foni ya mphira ija inaphwanyikira komweko. Chimene chinatsala cha mawu awo padziko lonse lapansi ndi masekondi makumi anayi ndi imodzi a m'seva ya a Juzi.

Mawu ake sanali a nzeru zakuya ayi. Ankati: "Ee, ndine uja wa lole yobiriwira. Ndafika pageti koma kulibe munthu, kuli galu yekha, ndiye akundiyang'ana ngati ndinadya zake." Kenako ankatchula dzina la kasitomala ndi nambala ya nyumba, n'kutsokomola kamodzi, n'kuseka. "Ndiye mukatsikira pansipo muwauze amayi a kunyumba kuti juzi yawo aiwala pampando. Asaume ndi kuzizira m'dzenje mwawomo. Ndibwera nayo madzulo." Basi, foni n'kuduka. Juziyo inabweradi, koma inabwera m'jumbo limodzi ndi nsapato ndi wotchi.

Lachisanu lililonse anzawo akapita kukadya, a Juzi ankasiya foni yawo m'kabokosi, n'kulowa m'kachipinda kaja, n'kuvala mahedifoni. Ankamvera kamodzi kokha, osabwereza. Sanauzepo munthu, ngakhale mwana wawo wamkazi, amene anali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo ake ankamwalira. Akanamuuza bwanji chinthu chimene sakanatha kumumvetsera?

Chakudza sichiimba ng'oma. Kampani inalemba mkulu watsopano wa za makompyuta, bambo wa magalasi, waulemu, wosakweza mawu, ndipo iye anati maseva onse asamukire ku kilaudi. A Juzi atafunsa kuti kilaudiyo ili kuti kuti akaione, anayankhidwa kuti ndi makompyuta a eni ake, ali kutali, mumangobwereka osawaona. Sungawakhudze, sungamve fani yake, sungazule waya. Zonse zimayendetsedwa ndi khodi, kutanthauza malangizo olembedwa m'fayilo: makina akhale angati, nkhokwe zosungiramo mafayilo zikhale zingati, iliyonse dzina lake ndani, ndani aloledwe kutsegula. Tsiku lililonse 12 koloko masana pulogalamu inkawerenga malangizowo n'kukonza zonse kuti zifanane ndi zolembedwazo. Chosowa inkamanga. Chimene sichikupezekanso m'malangizo inkagumula, osafunsa munthu.

Pofuna kupewa ngozi panali mwambo wake wa ntchito. Ukasintha khodi, pulogalamu inkayamba yakuonetsa mndandanda wa zimene ichite: zomanga zingati, zosintha zingati, zogumula zingati. Kenako munthu wachiwiri ankayenera kuwerenga mndandandawo n'kuvomereza. Bwana wa magalasiyo ankawerenga mzere uliwonse akulondola ndi chala pasikirini, ndipo aliyense womubweretsera ntchito ankamufunsa funso limodzi: "Mwawerenga?" Sipanathe mwezi, dzina lake linakhala lomwelo. Ngakhale alonda ankati a Mwawerenga afika.

Mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri kuyambanso sukulu si masewera. A Juzi anaphunzira khodi ndi zala ziwiri, magalasi ali pansonga ya mphuno, kope lili pambali. Zimene a Mwawerenga ankanena ankalemba. Patsamba lina analemba kuti: "Dzina la nkhokwe silisinthidwa. Ukasintha, pulogalamu imayesa kuti yakale sukuifunanso, imaigumula ndi zonse za m'kati, n'kumanga ina yopanda kanthu." Anadula mizere iwiri kunsi kwake ndi cholembera chofiira. Mukumbukire tsamba limeneli.

Tsiku losamuka, maseva anakwezedwa m'lole ya kampani yomwe. Madisiki ake, mosungira zinthu muja, anabooledwa ndi chiboolero kuti wina asadzatolemo zinsinsi za anthu, ndipo amene anaimirira kuonetsetsa kuti palibe yotsala anali a Juzi. Fayilo ija anali ataisamutsa kale. Anaiika yokha m'kankhokwe kakang'ono, n'kukatcha dzina loti munthu asakhale nalo chidwi: zotsalira-2. Anakalemba m'khodi pakati pa nkhokwe zina, ndipo a Mwawerenga anavomereza poyesa kuti ndi mapepala akale. Chipinda chozizira chija anachisandutsa mosungira matsache ndi mipando yothyoka. A Juzi anakwezedwa m'mwamba, pafupi ndi zenera lolowa dzuwa, koma juzi sanavule.

Chaka chinatha bwinobwino. Kenako Lolemba lina a Mwawerenga anasonkhanitsa gulu lawo n'kunena kuti oyendera malamulo adandaula. Lamulo la masiku makumi asanu ndi anayi linkagwira nkhokwe zina, zina ayi. Kuyambira Lachisanu 12 koloko ligwira zonse. Anzawo anangogwedeza mitu n'kubwerera kumipando. A Juzi anatsala pomwepo, manja ali pamiyendo. Kale akanatsika masitepe, n'kutsegula chitseko ndi kiyi wawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsopano makiyi osinthira zinthu pamanja anali atalandidwa kwa aliyense, ngakhale kwa bwana. Njira inali imodzi yokha: kulemba m'khodi kuti kankhokwe aka kasakhudzidwe, n'kupeza munthu wachiwiri wovomereza. Ndipo munthu wachiwiriyo afunsa kuti chifukwa chiyani.

Lachiwiri madzulo, akusita yunifomu ya mwana, pakamwa panawapulumuka. Mwanayo, tsopano mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ankalemba za kusukulu patebulo.

"Iwe, mawu a bambo ako umawakumbuka?"

Mtsikanayo anaganiza kanthawi. "Nkhope ndimaikumbuka chifukwa cha kachithunzi ka palaisensi kaja. Koma mawu anatha, amayi. Ndikayesa ndimangomva mawu a amalume."

"Alipo. Kuntchito."

Anamufotokozera zonse, ayironi ili chiimire. Ankayembekeza misozi, koma chimene anapeza ndi mkwiyo.

"Zaka zisanu ndi ziwiri mukumva nokha? Anali amuna anu okha, eti? Sanali bambo anga?"

"Lamulo, mwana wanga."

"Lamulo lomwelo si limene munaphwanya posunga? Mwaphwanyira inu nokha, ine ndiye mwandisungira lamulo?"

A Juzi anadziwa kuti mwanayo sananame. Anangoti, "Uwamva. Ndikulonjeza, uwamva."

Lachitatu anabisa foni m'kati mwa sokosi. Anaganiza zoti alowa nayo m'kachipinda, aigunditsa ku hedifoni, ajambula, basi. Ine ndikanachita zomwezo, ndipo sindikanagona ndi chisoni ngakhale tsiku limodzi. Koma atafika pa timabokosi taja anapeza mayi wolandira mafoni, yemwe uja anayankhula ndi amuna awo komaliza, akusiya foni yake. Mayiyo anamwetulira n'kuti, "Mwatiphunzitsa bwino, a Juzi, masiku ano dzanja limangopita lokha." Ha! A Juzi anawerama ngati akukanda mwendo, n'kutulutsa foni ija, n'kuiika m'kabokosi. Analowa, namvera, natuluka chimanjamanja. Lachinayi anaima kawiri pafupi ndi desiki ya bwana, kawiri konse anafunsa za inki ya makina osindikizira. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ankadziwa, koma manyazi anawaletsa.

Lachisanu, nthawi itadutsa 11 koloko, anakoka mpando n'kukhala moyang'anana ndi a Mwawerenga.

"Bwana, ndili ndi mlandu. Zotsalira-2 si mapepala."

Ananena zonse mosazungulira, kuyambira galu wa pageti mpaka jumbo la nsapato. Anamaliza n'kunena kuti ngati n'kuchotsedwa ntchito achotsedwe, bola mwana amve kaye bambo ake. A Mwawerenga anavula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

"Amayi, mukanandiuza kale. Bambo anga inenso anapita ndili wamng'ono, ndipo ndilibe ngakhale chifuwa chawo chojambulidwa." Anayang'ana wotchi. "Pitani mukalembe kuti lamulo lisakhudze kankhokweko. Ndivomereza. Lolemba ndipita ndekha kwa a zamalamulo, tidzadule dzina la kasitomala ndi nambala ya nyumba, zotsalazo mudzatenge kunyumba. Fulumirani, kwatsala mphindi makumi atatu."

A Juzi anabwerera pamalo pawo mothamanga. Analemba mzere wofunikawo, mzere umodzi wokha, ndipo unali wolondola. Akanalekera pomwepo! Koma maso awo anagwera pa dzina lija. Zotsalira-2. Chaka chathunthu amuna awo akhala pansi pa dzina la zinyalala, ngati mipando yothyoka ya kunsi kwa masitepe. Tsopano popeza chinsinsi chatha, abisiranji? Ndiponso mawa kudzabwera wina wokonda kusesa, adzaona zotsalira, adzasesa. Anafufuta dzinalo n'kulemba kuti mawu-osafufuta. Atawerenga dzina latsopanolo misozi inayamba yokha, magalasi n'kuchita nthunzi. Kope lija linali m'dilowa, chapafupi pomwe ndi bondo lawo.

Mndandanda unatuluka pasikirini. Kunsi kwake kunalembedwa kuti chomanga chimodzi, chogumula chimodzi. A Juzi anaona manambala akuyandama m'madzi, anapukuta maso ndi mkono wa juzi, n'kutumiza kwa bwana.

Tsiku lina lililonse a Mwawerenga akanaika chala pasikirini n'kuyenda nacho mzere ndi mzere. Tsiku limeneli anaona mayi wamkulu akulira mwakachetechete pafupi ndi zenera, ndipo anamva ngati kuwerenga kukhala kusuzumira m'chipinda cha eni ake. Anayang'ana kumbali n'kudina batani lovomereza.

"Zatheka, amayi. Izi si zoti ndiziwerenga ine."

Kwa nthawi yoyamba chibwerereni pakampanipo, sanafunse funso lawo lija. Akuluakulu adati chifundo chidapha nkhwali.

12 koloko itakwana pulogalamu inayamba ntchito. Sinatenge ndi mphindi imodzi yomwe. Mizere yonse inabiriwira, kusonyeza kuti zonse zayenda monga zinalembedwera. A Juzi anathokoza bwana ndi manja awiri, natenga chikwama, napita kukachipinda kaja, pakuti linali Lachisanu ndipo anzawo anali atapita kukadya. Anasiya foni m'kabokosi, anavala mahedifoni, anatsegula. Nkhokwe inalipo, dzina lake lokongola lili pamwamba. M'kati munalibe kanthu.

Anatseka n'kutsegulanso. Anafufuza zotsalira-2, kompyuta n'kuyankha kuti kulibe chinthu cha dzina limenelo. Apa ndi pamene anakumbukira tsamba la mizere iwiri yofiira. Sanakuwe. Dzanja lawo linapita lokha kunsi kwa tebulo kukafuna waya woti azule n'kuwerenga mpaka khumi, koma waya amene analipo anali wa nyale.

A Mwawerenga atamva, nkhope inagwa. Anatsegula mndandanda uja n'kuika chala pa mzere womaliza, pamene chinayenera kukhala ola lapitalo. Sanadye tsiku limenelo. Anaimbira eni ake a kilaudi, n'kudikira pafoni akumvera kanyimbo, mpaka kunayankha munthu waulemu kwambiri wa kutali. Munthuyo anapepesa, anafufuza, anapepesanso. Anati lamulo logumula linachokera kukampani kwawo komweko, lovomerezedwa ndi anthu awiri, ndipo chogumulidwa motero sichibwerera. A Mwawerenga anafufuza m'makope a mafayilo osungira pangozi, koma makopewo ankatsata lamulo la masiku makumi asanu ndi anayi, ndipo kankhokwe ka zotsalira sikankakopedwa n'komwe. Wina anafunsa za madisiki akale. A Juzi anayankha okha, ndi mawu otsika, kuti onse anabooledwa iwo ataimirira pomwepo.

"Ndi ine, amayi," anatero a Mwawerenga. "Ntchito yanga ndi imodzi yokha, kuwerenga."

"Mwavomereza chimene ndalemba ine, bwana. Makina achita chimene tawauza."

Ndipo n'zimene zinkapweteka kwambiri. Panalibe woti umukalipire, panalibe chophwanyika choti ukonze. Mizere inali yobiriwirabe. Anthu awiri odziwa ntchito anangokhala moyang'anana, atagwira njakata, mpaka dzuwa linachoka pazenera.

Anafika kunyumba kusanade. Mtsikana anali panja akuanula zovala, ndipo atangoona mayendedwe a mayi ake anasiya ndowa pansi.

"Akuntchito akana?"

"Sanakane. Anavomera."

"Nanga?"

"Ndawafufuta ndekha, mwana wanga. Ndimafuna kuwapatsa dzina labwino."

Anafotokoza mmene akanathera, atakhala pakhonde, chikwama chili pamiyendo. Ankadikira mkwiyo wa Lachiwiri uja, ndipo akanaulandira ndi manja awiri, chifukwa kukalipiridwa kukanawapepuza. Koma mtsikanayo anangokhala pansi pambali pawo, atakumbatira malaya amene anaanula. Kenako anati:

"Inu munawamva kangati?"

"Lachisanu lililonse."

"Ndiye mumawadziwa pamtima. Nenani."

A Juzi anaika chikwama pansi. Anatsitsa mawu awo mpaka pansi pa khosi, n'kuyamba. "Ee, ndine uja wa lole yobiriwira." Ananena za geti, ananena za galu. Dzina la kasitomala analidumpha, ngakhale pamenepo, chizolowezi n'chovuta. Anatsokomola pamalo pake penipeni. Kenako anaseka, n'kumaliza ndi za juzi ndi dzenje ndi kubwera madzulo. Sanaphonye liwu ngakhale limodzi.

Mtsikanayo anamvetsera maso ali otseka. Atatsegula anafunsa kuti, "Ankaseka choncho?"

"Ayi. Sankaseka choncho."

"Nanga ankaseka bwanji?"

A Juzi anatseka maso nawonso kuti amve kaye m'mutu, monga ankamvera m'mahedifoni. Anamva galu wa pageti, anamva chifuwa chija, koma pofika pa kuseka anamva kuseka kwawo komwe, kumene anali atangoseka pakhondepo. Anayesanso, kunatuluka kwina. Anayesa kachitatu.

"Dikira," anatero. "Kubwera, dikira pang'ono."

Mtsikanayo anadikira, malaya ali m'manja.